Dothi Loyera la Kwathu ndi Fumbi la ku Ankara

Ankara, 20 Okutobala 1991

Zahide mkazi wanga,

Moni kwa iwe ndi onse a pakhomo. Amayi ndikupsompsona dzanja lawo, Nurten ndi ang'ono ake ndikuwapsompsona m'maso. Ine ndili bwino, Mulungu atamandike. Msana wokha ndiwo sukugwirizana ndi bedi la kuno.

Ntchito ndinaipeza monga anandilonjezera Bekir. Tikugona chipinda chimodzi ndipo tikuphikira pamodzi, ngakhale mphodza zake ungathe kuzimwera pa kapu. Ukakumana ndi mkazi wake kuchitsime umuuze kuti mwamuna wake ali moyo, koma kuphika sanamuphunzitse.

Tikugwira ku laibulale yakale ya boma, chinyumba chamiyala chomwe chinamangidwa atate akali mnyamata. Mzinda wonse ukusiya malasha, akuti utsi wanyanya, ndipo nyumba zizifunditsidwa ndi gasi. Ndiye ife tikugumula chiboyila chakale chotenthetsa madzi, chomwe chili m'chipinda cha pansi pa nthaka, ndi kuchotsa mapaipi ake onse. Pamwamba pathu anthu akuwerenga mabuku mwakachetechete, ife pansi tikumenya nyundo. Tsiku lina bambo wamagalasi anatsika kudzatipempha kuti tizimenya pang'onopang'ono. Kapitawo wathu, Sabri Usta, anamuuza kuti akatibwerekere nyundo ya thonje.

Mapaipiwo anawakulunga ndi chinthu choyera, ngati nsanza zomata ndi pulasitala, kuti kutentha kusamathawe. Ukachidula chimangoyoyoka ngati ufa. Madzulo timatuluka tili mbuu, nsidze ndi ndevu zomwe. Bekir akuti akadzabwera kumudzi adzauza anthu kuti anatsegula chigayo. Pali mkulu wina, tonse timawatchula amalume Ramiz, amene akhala akusonkhezera boyilayi chiyambire unyamata wawo. Ntchito yawo yatha koma amabwerabe. Amakhala pa ndowa yovundikira n'kumationerera tikuphwanya, ndipo amatiphikira tiyi. Akamakwera masitepe amaima panjira kuti apeze mpweya.

Tsopano za kunyumba. Mvula isanalimbe, uuze mng'ono wanga Kadir abwere adzagudubuze mwala wotsendera dothi la padenga, lingadonthe ngati chaka chatha. Nkhosa yotsimphina ija musaigulitse kwa a Hamdi pa mtengo wachibale. Kuti mwana wawo Yakup watomera Nurten sizikutanthauza kuti khola lathu lasanduka lawo. Ndalama ndatumiza ndi dalaivala wa basi ya ku Sivas. Mugule shuga ndi tiyi, zotsalazo ubweya, Nurten ayambe kusoka zofunda zake za ukwati. Kukolola, nthawi imene tinapangana ukwatiwo, kuli patali tikamaona lero, koma nthawi ikafika singano siithamanga.

Kuno zinthu n'zodula, anyezi akumugulitsa ngati nyama. Undilembere.

Mwamuna wako,
Hidayet

Ankara, 17 Novembala 1991

Zahide,

Moni nonse. Dzanja la amayi ndalipsompsona, ana onse m'maso. Kalata yako ndinalandira, ndipo ndakondwa kuti denga linakonzedwa. Ine ndili bwino.

Za mwezi uno zachepa, usadabwe. Tinakhala sabata yathunthu osagwira ntchito. Kunabwera injiniya kudzayeza malo oika boyila yatsopano. Atatsika masitepe n'kutiona tili mbuu, anaima pomwepo, anatseka mphuno ndi mpango, n'kubwerera. Bekir anati mwina tikununkha. M'mawa mwake tinapeza chitseko cha pansi chili ndi loko.

Anatisonkhanitsa pabwalo n'kutiuza kuti choyera chija ndi asibesitosi. Akuti fumbi lake lili ndi timinga tosaoneka ndi maso. Ukatipuma timakabaya m'mapapo n'kukhala momwemo, sitituluka ngakhale utsokomole bwanji. Sitipweteka lero kapena mawa, timadikira munthu akule. Sabri Usta anati iye wadula zimenezi moyo wake wonse ndipo amathamangabe ndi zidzukulu zake. Injiniya sanalimbane naye, anangoti amene sakufuna malamulo atsopano atenge jekete lake azipita.

Tsopano zitseko ndi mazenera a pansi tazimata ndi mapepala a pulasitiki. Tisanadule paliponse timayamba tathira madzi mpaka chinthucho chikhale phala, kenako timachikokolola n'kuika m'matumba ochindikala, n'kumanga pakamwa. Tsache analetsa. Kumaso timavala zophimba za labala zosefa mpweya, ndipo potuluka timavula zonse n'kusamba, kuzizira konseku. Bekir akuti sanasambepo chonchi chikwatirire. Ntchito ya tsiku limodzi ikutitengera sabata.

Kumwamba nako anatseka chipinda chachikulu chowerengera, chifukwa fumbi lathu linkakwera kudzera m'mabowo a mapaipi. Amayi ogwira ntchito kumeneko akupukuta mabuku ndi nsanza zonyowa, limodzilimodzi. Nditasuzumira ndinachita manyazi. Mabukuwo ndi ochuluka kuposa nkhosa za mudzi wathu ndi midzi yoyandikana nayo.

Amalume Ramiz anawaletsa kutsika. Injiniya atawafotokozera chifukwa chake, iwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, zimenezi ukanandiuza tsitsi langa likali lakuda." Tsopano amatidikira pakhomo ndi ketulo yawo.

Akuti mwezi wamawa tonse tikajambulidwe zifuwa kuchipatala. N'zaulere, ndi mwambo chabe.

Za kupweteka m'nthiti kumene walembako, imeneyo ndi mphepo. Usamachape kuchitsime m'mamawa, ndipo uzivala juzi langa labulauni lija, silikugwira ntchito m'bokosimo. Ndowe zouma zosonkhera moto musazithe msanga, chipale sichinayambe.

Hidayet

Ankara, 15 Disembala 1991

Zahide,

Moni kwa iwe, amayi ndi ana. Ndikukhulupirira muli bwino monga ndilili ine. Kuno chipale chagwa, koma sichiyera ngati cha kwathu, m'mawa umachipeza chitada ndi utsi.

Tinapita kuchipatala kuja. Anzathu anangojambulidwa n'kubwerera kuntchito, koma Bekir ndi ine anatiuza kuti tidikire. Anatilowetsa kwa adokotala ena aakazi, a Sevim, a msinkhu wako. Anapachika chithunzi cha chifuwa changa pa nyale n'kundifunsa kuti ntchito imeneyi ndaigwira zaka zingati. Ndinati ino ndi miyezi yanga yoyamba, moyo wanga wonse ndakhala ndikulima tirigu. Anapukusa mutu. Anati zimene akuona si za chaka chino ayi, n'zakalekale. Anatinso chifuwa cha Sabri Usta, amene wakalambira m'fumbili, n'choyera kuposa changa.

Kenako anafunsa kwathu. Titawauza kuti tonse awiri ndife a mudzi umodzi, anaika cholembera pansi n'kufunsa kuti, "Kwanu makoma mumazira ndi chiyani?"

Ine ndinaseka, Zahide. Ndinati ndi dothi loyera la kuphiri, monga aliyense. Iwo sanaseke. Anafunsa ngati akazi amalisinja n'kulisefa lisanaviikidwe, ngati timathira padenga, ngati timagonekapo makanda, ngati timaponyako pophika manyuchi a mphesa. Ankadziwa zonse ngati anabadwira kuseri kwa nyumba yathu. Anati ayendamo m'midzi ingapo yotere, ndipo m'madera ena dothi loyeralo limakhala ndi timinga tomwe tija tili pa mapaipi. Si lonse ayi, ndiye sangathe kunena za lathu asanalione.

Pa chithunzi changa pali timadontho tingapo m'mbali mwa nthiti. Akuti n'takale ndipo tili m'tulo. Ndikudya, ndikugwira ntchito, masitepe ndikukwera osaima. Usadandaule nazo.

Ndikupemphe chinthu. M'khola muli dothi lotsala la chaka chatha, m'thumba la kuseri kwa chitseko. Uthire madzi kaye pamwamba pake, utengeko kachibulumwa, uike m'botolo lotseka bwino, upatse dalaivala wa basi. Usaligwedeze thumbalo ndipo ana asaseweretse. Ngati pali khoma lomwe layamba kusuwa, ulisiye choncho mpaka ndikuuze.

Amayi usawauze kaye. Makamaka zisafike kwa a Hamdi. Ukudziwa kuti nyumba yawo imadya dothi limeneli, bulu wawo amalizungulitsa midzi yonse ya m'chigwa. Mwina likayezedwa lipezeka kuti ndi dothi basi, ndiye tiziseka.

Ndakugulira mpango wamutu wobiriwira, ndidzabwera nawo ndekha.

Hidayet

Ankara, 26 Januwale 1992

Zahide,

Moni nonse. Dzanja la amayi ndikulipsompsona, ngakhale ndamva kuti alibisa. Ine ndili bwino.

Ndinaiwala kuti maso ako amatopa ndipo makalata anga amawerenga mokweza ndi Nurten. Usamukalipire mwanayo, sanalakwe. Zimene amayi anena ndazimva. Akuti iwo azira makoma ndi dothi limenelo chiyambire ali mtsikana, amayi awonso chimodzimodzi, ndipo lero akutafuna buledi wouma ndi mano awo. Akuti mzinda wandilowa m'mutu. Sindingawatsutse za mano. Adokotala nawonso akuti si onse amene limawagwira.

Koma botolo linafika ndipo analiyeza. Ndi chomwecho, Zahide. Anandilola kusuzumira m'chipangizo chawo chokulitsa zinthu, ndipo ndinaona ndi maso anga timinga tosongoka tambirimbiri, ngati mankhusu a balere. Dothi lomwe lija timati n'lofewa ngati sopo. Ine pano ndimavala labala kumaso n'kusamba madzi ozizira kuthawa chinthu chimene kwathu timagona nacho m'nyumba, chimene unkagonekapo ana athu ali makanda chifukwa chimayamwa bwino.

Chiyambire tsikulo ndakhala ndikukumbukira atate. Ukukumbuka mmene ankagonera chokhala, atatsamira mapilo, akugwira m'nthiti kumanja? Tinkati ndi fodya. Nanga azakhali aja a kumunsi kwa mzikiti, ankasuta iwo? Nanga mkazi woyamba wa a Hamdi? Kwathu munthu akayamba kupuma mobanika timangoti yamugwira ya m'mudzi ija, ngati ndi msonkho woti aliyense apereke.

Amalume Ramiz ali m'chipatala. Tinakawaona Lachisanu titachoka kumzikiti. Anawapopa madzi m'chifuwa, ndipo aonda kwambiri. Anafunsa ngati tafika pa paipi yaikulu yodutsa pansi pa chipinda chowerengera, n'kutichenjeza kuti pakona pake pamadontha, tisamale. Sabri Usta anatuluka msanga, tinamupeza pakhonde akuyang'ana khoma. Kuyambira pamenepo aliyense wovula chophimba kumaso kuti akande mphuno amatukwanidwa mpaka agogo ake.

Ntchito ikuyenda pang'onopang'ono ndipo nyumba yonse ilibe moto. Owerenga aja akukhala ndi zikhoti ndi magolovesi, atazungulira timbaula tamagetsi. Sachoka. Pali mtsikana wina wofanana ndi Nurten amene amafika chitseko chisanatsegulidwe. Ndikamuona ndimaganiza zambiri.

Thumba lija Kadir alinyowetse lonse, alikwirire kutali ndi chitsime. Makoma musawasese ndi tsache, muzingopukuta pansi ndi nsanza yonyowa.

M'kalata yako sunanenepo za nthiti zija. Zinasiya?

Hidayet

Ankara, 8 Malichi 1992

Zahide,

Moni, ndipo Mulungu alandire kusala kwanu nonse. Ife tikusala bwino, kungoti ludzu limavuta mkati mwa labala. Amayi uwapatse moni ngakhale asayankhe.

Amalume Ramiz tinawaika sabata yatha. Kunabwera anthu ochepa, koma a ku laibulale anabwera onse, bambo wamagalasi uja ananyamula nawo bokosi. Mwana wawo anatipatsa ketulo ija. Ili pakhomo la pansi, ndipo palibe amene waigwiritsa ntchito.

Nkhani za kumudzi ndazimva, kwa iwe ndi kwa Kadir yemwe. Amene anaulula si ine. Bekir analembera mkazi wake, ndipo chofika kwa mkazi wa Bekir chafika kuchitsime. Ndinamukalipira. Anandiyankha kuti, "Achimwene, mwana wanga ali ndi miyezi isanu ndipo akugona pa dothi limenelo. Mumafuna ndidikire ukwati wa mwana wanu?" Mphodza zake ndinadya mwaulemu tsiku limenelo.

Ndiye akuti midzi ya m'chigwa yayamba kubweza bulu wa a Hamdi, nthawi yomwe ino imene aliyense amagula dothi lozirira nyumba Idi isanafike. Akuti amuna kumalo omwera tiyi akunena kuti ndanyozetsa mudzi, kuti atsikana athu sadzakwatiwanso kunja chifukwa anthu aziti ndi odwala. Ndipo mkazi wa a Hamdi anabwera kudzakuuza kuti mphete imene inalowa pa chala ikhozanso kutuluka. Unachita bwino kumupatsa tiyi osamuyankha.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati sindikanangokhala chete. Tikanazira nyumba yathu ndi china mwakachetechete, ukwati n'kuchitika, aliyense n'kumadya buledi wake. Koma Nurten akakwatiwa akalowa m'nyumba ya a Hamdi momwemo, ndipo mkamwana ndiye amasefa dothi. Ndikafika pamenepo maganizo anga amaima.

Nurten mwana wanga, ndikudziwa ndiwe ukuwerenga. Amayi ako akuti wasiya kusoka zofunda. Usasiye. Atate ako sanapenge, ndipo sakufuna kukulanda Yakup. Ndikubwera ndidzayankhule nawo ndekha.

Ndatumiza matumba a laimu wopaka makoma pa lole ya mchimwene wake wa Sabri Usta, yomwe ikupita ku Sivas. Kadir akawatenge. Amayi adzanena kuti laimu ndi wa kuchimbudzi ndi kumanda, asiyeni anene. Koma pasapezeke wokhudza khoma ndisanafike. Ndaphunzira kagwiridwe kake kuno, ndidzachita ndekha. Nyumba ikhale yakuda pa Idi ngati ndichedwa, manyazi ake ndi anga.

Funso langa lija sunayankhebe.

Hidayet

Ankara, 19 Epulo 1992

Zahide,

Moni nonse. Ndinafika bwino, basi inangochedwa panjira. Ndikupsompsona dzanja la amayi, tsopano poti anandipatsa.

Manja anga akadali osupuka ndi laimu. Bekir akuti ndinapita kukadya Idi n'kukagwira ganyu kwa mkazi wanga. Makomawo musawakhomere misomali, ndipo pakang'aluka mundiuze, dothi lakale likadali kunsi kwake, tangolitsekera. Chitini cha dothi loyera chimene amayi abisa kuseri kwa zofunda zawo ndinachiona. Musawalande. Ndinawapempha kuti asamachitsegule, ndipo anati sachitsegula, amangofuna chikhalepo.

Unandifunsa zimene tinakambirana ndi a Hamdi, ine n'kungoti zatha bwino, chifukwa m'nyumba munali anthu. Zinayenda chonchi. Sanafune tiyankhulire kumalo a tiyi. Ananditenga mpaka kuphiri, ku dzenje lawo lokumbako dothi. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, ndipo mawu anga ndinali nditawakonza. Koma anangokhala pamwala n'kuyamba kutchula maina: mkazi wawo woyamba, mkulu wawo amene ankakumba naye, atate anga, ndi ena a m'chigwa omwe ine sindiwadziwa. Anati, "Ukuganiza kuti ine maliro sindimawaona? Ndakhala ndikuwaona. Ndinkangoti ndi madzi, kapena mphepo ya kuphiri kuno."

Kenako anandifunsa kuti, "Asewere, dothi limeneli ndalilowetsa m'nyumba iliyonse ya chigwa chino, ndi manja angawa. Ngati adokotala akowo akunena zoona, ine ndine ndani?"

Ndinawauza kuti ndi munthu amene ankadyetsa ana ake, kuti palibe ankadziwa, kuti amene anakulunga mapaipi a ku laibulale anali anthu ophunzira koma nawonso sankadziwa. Sindikudziwa ngati zinawathandiza. Potsika anati chaka chino sakumba, adzauza anthu kuti bulu wathyoka mwendo. Za mphete anati zinali zolankhula za akazi. Ndiye ukamva kuti bulu wa a Hamdi akudwala, uziwapepesa ngati ukukhulupirira.

Tsopano za iwe. Ndinakhala masiku ochepa koma maso ndinali nawo. Ndinakuona ukutula ndowa pakati pa njira yochokera kuchitsime n'kumanamizira kumanga mpango. Ndinaona kuti umagonera mbali imodzi yokha, ndiponso kuti diresi lako la pa Idi walibweza m'chiuno. Nditakufunsa unati ndi kusala. Ine ndine ndinakuuza kuti ndi mphepo, ndipo iwe unangovomera. M'nyumba mwathu amene wasinja ndi kusefa dothi lija chaka ndi chaka chilowere iwe pakhomo pathu si ine, si amayi, ndiwe.

Ndayankhula ndi adokotala a Sevim, akuti ubwere. Usanene za nkhosa zobereka kapena za ana, Nurten ndi wamkulu ndipo amayi alipo. Kadir akuperekeza mpaka ku Sivas, akukweze basi ya m'mawa Lolemba likubwerali, ine ndikakudikira pokwerera mabasi. Bekir wavomera kukagona kwa anzake. Utenge zovala za masiku angapo. Akangokujambula, tikaona mzinda, ubwerera.

Sindinakulamulepo chinthu chachikulu chiyambire ukwati wathu. Ichi ndikulamula.

Hidayet

Ankara, 24 Meyi 1992

Nurten mwana wanga,

Ndikukupsompsona m'maso, iwe ndi ang'ono ako. Agogo ako upsompsone dzanja lawo m'malo mwanga. Amayi ako akupereka moni kwa onse, ali pambali panga pano ndipo akundiuza kuti ndikulemba mokhota. Ine ndili bwino.

Pepa kuti takhalitsa chonchi osalemba, uthenga wa pakamwa wa dalaivala sukwanira, ndikudziwa. Amayi ako atajambulidwa sanawalole kubwerera. Anawagoneka, anawapopa madzi m'chifuwa, ndipo anatengako kanyama kukayeza. Atawapopa anapepukidwa, anayamba kudya ndi kupuma bwino. M'chipinda chawo anali akazi angapo, ndipo pofika sabata yachiwiri onse anali ataphunzira kuluka masokosi a kwathu. Anatuluka Lachitatu. Adokotala a Sevim anayankhula nane patokha pakhonde, nthawi yaitali ndithu. Ndi munthu wabwino, sanandibisire kanthu. Atipatsa mankhwala ochepetsa ululu, ndipo akuti madziwo akabwerera tikhoza kukawapopetsa ku Sivas, osavutika kubwera kuno. Zina ndidzakuuza tikaonana. Ndiwe wamkulu tsopano.

Ntchito ya ku laibulale yatha. Thumba lomaliza linatuluka, mapulasitiki tinamatula, ndipo dzana amayesa boyila yatsopano. Amayi ako anati sangachoke ku Ankara osaona kumene mwamuna wawo anathera chaka. Ndinawatenga pa takisi. Pansi sanatsike, masitepe ndi ambiri, koma bambo wina wa kumeneko anatilowetsa m'chipinda chachikulu chowerengera n'kuwapatsa mpando. Zitsulo zofunditsa za m'mbali mwa khoma zinayamba kulira pang'ono, kenako kutentha. Anaikapo manja awo n'kukhala choncho, ngakhale kunja kunali dzuwa. Anayang'ana mabuku, anayang'ana atsikana akuwerenga, kenako anakweza maso kudenga, komwe n'kutali ngati kwa mzikiti waukulu. Anandinong'oneza kuti, "Mkazi amene amazira makoma amenewa ndamumvera chisoni." Ndinaseka mpaka anthu anatembenuka.

Sabri Usta akuti pali sukulu ina yakale yomwe akuyamba mwezi wamawa, ndipo malo anga alipo. Ndamuthokoza, ndamuuza kuti chaka chino ayi.

Tsopano tamvera bwino. Amayi ako akufuna ukwati usadikire kukolola. Ankafuna mwezi uno womwe, koma ndawakumbutsa kuti agogo ako sangalole ukwati pakati pa ma Idi awiri, amati n'tsoka, ndipo tawavuta kale mokwanira chaka chino. Ndiye uchitike sabata yotsatira Idi ya nsembe. Amalume ako Kadir apite kwa a Hamdi akawauze. Akafunsa chifukwa, anene kuti ndi pempho la amayi ako, iwo amva. Awauzenso kuti ndili ndi pempho limodzi langa: chipinda chimene mudzakhalemo iwe ndi Yakup ndidzachimate ndi laimu ndekha usanalowemo. Laimu wotsala uja asanyowe. Ndipo ikadzatha ntchito ya kumunda, nonse awiri mudzabwere kuno mudzajambulidwe, ang'ono ako tidzawabweretsanso.

Zofunda zikapanda kutha usalire nazo. Amayi ako akuti ubweretse singano ndi ubweya pafupi ndi bedi lawo, zotsalazo mudzamalizira limodzi, chifukwa iwe m'makona umathina kwambiri. Akutinso bedi lawo ulisunthire pafupi ndi zenera loyang'ana pabwalo, ndipo uikepo mapilo ambiri, a alendo aja omwe.

Tikunyamuka Lachisanu ndi basi ya m'mawa. Uuze amalume ako atidikire kumsewu waukulu ndi thirakitala, ayale matiresi m'ngolo. Amayi ako akuti n'zamanyazi, adzayenda okha. Iwe umve zanga.

Atate ako,
Hidayet